TV Ikungoti "No Signal": Mmene Mungapezere Pavuta Mukalumikiza Laputopu

Tsiku limene chingwe cha HDMI chinandichititsa manyazi linali Loweruka madzulo, nyumba itadzaza. Wojambula anali atabweretsa kanema wa chinkhoswe cha mlongo wanga pa fulashi, ndipo aliyense ankafuna kudziona akuvina ndi kufupa. Azimayi anali atayala mkeka kutsogolo, ana atadzaza mpaka pakhomo, ine ndili chogwada kuseri kwa TV, tochi ya foni ili kukamwa. Ndinalowetsa chingwe, ndinachizula, ndinachiuzira ngati ndikukoleza moto. TV inkangoyendetsa kabokosi kolembedwa "No Signal" uku ndi uku. Amalume anapirira ndithu, kenako anatsokomola n'kunena kuti, "Mphwanga, makompyuta munkaphunzira kutauni aja ndi amenewa?" Nkhani yake inali yaing'ono zedi. Chingwe ndinachilowetsa pa HDMI 2, pamene TV inali ikudikirirabe dikoda pa HDMI 1.

Kuchokera tsiku limenelo sindiyambanso ndi kuganiza kuti china chake chapsa. Zinthu zimene zili pa ntchito pano ndi zitatu basi: laputopu imene ikutumiza chithunzi, chingwe chimene chikunyamula, ndi TV imene ikulandira. Chofunika n'kupeza kuti mwa zitatuzi chikukanika ndi chiti, ndipo mumachipeza posintha chinthu chimodzi, kuona zotsatira, kenako china. Mukasintha chingwe, bowo ndi Settings zonse pakamodzi, ngakhale chithunzi chitabwera simudziwa chimene chachiza, ndiye mawa mudzagwadanso kuseri kwa TV. Tiyamba ndi zosafuna ndalama. Za kumsika ndi za kwa mmisiri zibwera kumapeto.

Rimoti kaye

Suzumirani kuseri kapena m'mbali mwa TV, muwerenge zimene zalembedwa pafupi ndi bowo limene mwalowetsamo chingwe. Ma TV ambiri ali ndi mabowo a HDMI awiri kapena atatu, lililonse ndi nambala yake. Tengani rimoti, mudine batani lolembedwa Source kapena Input. Pa marimoti ena palibe mawu, pali kachizindikiro ka kabokosi kokhala ndi muvi ukulowamo. Sankhani nambala yomwe mwawerenga ija, ndipo mukasankha werengani mpaka khumi musanadinenso. TV zina zimachedwa kumvana ndi laputopu, ndiye munthu wodina mothamanga amadumpha pamene chithunzi chinali pafupi kutuluka.

Bowo lolembedwa ARC kapena eARC lisakuopseni. Limalandira chithunzi ngati anzake, kungoti lili ndi ntchito ina yotumiza mawu ku masipika akunja. Limene silingakuthandizeni ndi la pa dikoda lolembedwa HDMI Out, chifukwa limenelo ndi lotulutsa. La pa laputopu nalonso ndi lotulutsa basi, n'chifukwa chake kulumikiza malaputopu awiri ndi chingwe chimodzi sikupereka kanthu.

Mukatero kanikizani chingwe mbali zonse ziwiri mpaka mutu wake ulowe wonse. Pa TV yopachika pakhoma, khoma limakankha chingwe n'kuchipinda, mutu n'kukhala utalowa theka. Poona ndi maso zimakhala ngati zili bwino, koma mkati mwa mutuwo muli timano 19, ndipo tingapo tikalephera kukhudza, chithunzi sichibwera.

Werenganinso bwino uthenga umene TV ikulemba. "No Signal" akutanthauza kuti palibe chimene chikufika pa bowo limenelo. Koma ikalemba "Mode Not Supported" kapena "Invalid Format", sangalalani pang'ono: chithunzi chikufika, kungoti chabwera mu msinkhu umene TV singathe kuonetsa. Ngati ndi choncho, dumphani mupite pa mutu wakuti "Chithunzi chabwera, koma sichili bwino", pamene tikukamba za kukula kwa chithunzi.

Laputopu nayo iuzidwe

Nthawi zambiri Windows imazindikira yokha kuti pabwera sikirini yachiwiri, koma pena imafuna kuuzidwa. Gwirani batani la Windows, lija lokhala ndi chizindikiro cha zenera pansi kumanzere kwa kiyibodi, n'kudina P. Patuluka mawu anayi. "PC screen only" ndiye kuti laputopu ikudzisungira chithunzi, TV sikulandira kanthu. "Duplicate" ndiye kuti zimene zili pa laputopu zionekenso pa TV. "Extend" imasandutsa TV kukhala chipinda chachiwiri cha sikirini yanu. "Second screen only" imathimitsa sikirini ya laputopu n'kusiya TV yokha. Pofufuza vuto, sankhani Duplicate.

Extend imapusitsa anthu ambiri. TV imaonetsa chithunzi cha kumbuyo chokha, chopanda mafayilo, kanema akuseweredwa pa laputopu koma pa TV kuli zii, ndiye munthu amati zakanika. Sizinakanike ayi. Kokani zenera la kanemayo ndi mausi kupita kumanja mpaka lidutse malire a sikirini, muliona likutulukira pa TV. Njira yachidule ndi kugwira Windows ndi Shift pamodzi, n'kudina muvi wa kumanja kapena kumanzere.

Ina yoopsa mtima ndi kusankha Second screen only pamene TV sikuonetsa kanthu. Masikirini onse awiri amada bii. Musachite mantha, ingozulani chingwe cha HDMI, chithunzi chibwerera pa laputopu.

Malaputopu ambiri alinso ndi batani lawolawo la ntchito yomweyi pa mzere wa pamwamba, lokhala ndi kachithunzi ka masikirini awiri. Pa HP zambiri ndi F4, pa Dell ndi F8, pa Lenovo ThinkPad ndi F7, ndipo pena limafuna kugwira Fn limodzi. Mwana akamasewera ndi kiyibodi amatha kulidina, laputopu n'kusiya kutumiza chithunzi popanda wina kudziwa.

Ngati Windows ndi P sizinasinthe kanthu, dinani kumanja kwa mausi pamalo opanda kanthu pa sikirini, musankhe Display settings. Pamwamba payenera kuoneka mabokosi awiri, 1 ndi 2, kapena bokosi limodzi lolembedwa 1|2 ngati muli pa Duplicate. Likaoneka la nambala 1 lokha, tsikirani pa Multiple displays, mudine Detect. Zimene muone apa n'zofunika kwambiri pa kafukufuku wathu. Nambala zonse ziwiri zikaoneka, ndiye kuti laputopu ikuiona TV, ndipo kawirikawiri vuto limakhala m'makonzedwe. Ikakhalabe 1 yokha, tikayikire chingwe, mabowo kapena driver, pulogalamu imene imayendetsa za zithunzi mu laputopu. A MacBook apite pa System Settings, kenako Displays, agwire batani la Option, pamenepo patuluka Detect Displays.

Zimitsani zonse, muyambirenso

Anthu amaseka njira imeneyi, koma ili ndi chifukwa chake. Laputopu ndi TV zikangolumikizana zimayamba zalonjerana. TV imatumiza kauthenga kotchedwa EDID, kofotokoza dzina lake, misinkhu ya chithunzi imene ingathe kuonetsa ndiponso mawu amene ingalandire. Malonje amenewa akasokonekera, mwina chifukwa magetsi anaphethira kapena laputopu inali mtulo pamene mumalowetsa chingwe, ziwirizi zimangokhala chete ngati anthu okwiyitsana.

Chitani chonchi. Zulani chingwe cha HDMI mbali zonse. Thimitsani TV n'kuzula pulagi yake pakhoma, osati kungodina rimoti, chifukwa rimoti imangoigoneka TV, siithimitsa kwenikweni. Dikirani mphindi imodzi. Pa laputopu sankhani Restart, osati Shut down, popeza Windows 10 ndi 11 zikathimitsidwa mwa Shut down zimasunga zina mwa zimene zinali mkati kuti zidzayake msanga, ndiye vuto limatha kubwerera nalo limodzi. Kenako yatsani TV, muiike pa HDMI yoyenera, mulowetse chingwe ku TV, pomaliza ku laputopu.

Pali kanjira kena kamene ndimakakonda chifukwa sikatseka ntchito imene munali nayo. Gwirani Windows, Ctrl ndi Shift, n'kudina B. Sikirini iphethira, mumva kakulira pang'ono, ndipo driver ya zithunzi iyambiranso. Nthawi zingapo TV yandiyankha pomwepo.

Dikoda ndiye mboni yanu

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo simufunika kugula kanthu. Ngati m'nyumbamo muli dikoda ya DStv kapena GOtv, DVD kapena gemu yolumikizidwa ndi HDMI ndipo ikuonetsa bwino, ndiye kuti muli ndi chingwe chimodzi ndi bowo limodzi zimene mukudziwa kuti n'zamoyo. Musakhudze mbali ya ku TV. Zulani mutu wa chingwe kuseri kwa dikoda, muulowetse mu laputopu, rimoti osaigwira. Chithunzi chikabwera, laputopu ilibe mlandu. Wolakwa ndi chingwe chanu chija kapena bowo linalo la TV. Kuti mudziwe pa ziwirizi, tengani chingwe chanucho mulumikize nacho dikoda pa bowo lodalirika lija. Dikoda ikakana kuonetsa, chingwe chafa. Ikaonetsa, ndiye bowo lachiwiri la TV ndi limene lapita.

Chithunzi chikapanda kubwera ngakhale pa chingwe cha dikoda, maso onse atembenukire ku laputopu. Musananyamuke kupita kwa mmisiri, odirani kwa aneba muyese pa TV yawo. Ulendo wa mphindi zisanu umenewu wapulumutsa ndalama za anthu ambiri.

Chingwe chodwala sichifa tsiku limodzi. Chimayamba ndi timadontho toyera tothwanima pa chithunzi ngati ziphaniphani, kapena chithunzi kuthima masekondi awiri n'kubweranso, kapena kusanduka chobiriwira mukagwedeza waya. Kawirikawiri chimathyokera pakhosi, pamene waya walowa m'mutu, chifukwa chopindidwa pochikulunga kapena kukokedwa pochizula. Kutalika nakonso kuli ndi mbali yake. Cha mamita awiri kapena atatu sichivuta, koma chikapitirira mamita khumi, monga zija zoyala m'matchalitchi ndi m'maholo, chithunzi chimafika chofooka ngati chingwecho n'chopyapyala. Zingwe zina zazitali zimakhala ndi mphamvu yakeyake mkati ndipo zimayenda mbali imodzi: mutu wina umalembedwa Source, wina Display kapena TV. Source ipite ku laputopu. Mukatembenuza simuona kanthu, ngakhale chingwe chili chatsopano m'pepala.

Pogula china, musanyengedwe ndi mitu yagolide ndi mabokosi onyezimira. HDMI imanyamula manambala, ndiye chingwe cha mtengo wapakati chimene chikugwira ntchito chimaonetsa chithunzi chofanana ndi chodula. Chongoyang'ana n'chakuti palembedwe High Speed, ndipo ngati TV yanu ndi ya 4K, Premium High Speed. Tengani laputopu kusitolo, muyese chingwecho pa TV yawo musanapereke ndalama. Safunsa anadya phula.

Ngati laputopu ilibe bowo la HDMI

Malaputopu opyapyala a masiku ano ambiri ali ndi timabowo ta USB-C tokha, ndipo apa ndi pamene anthu amataya ndalama. Timabowoti timaoneka tofanana, koma si tonse timatulutsa chithunzi. Kena n'kongochajira ndi kusamutsira mafayilo. Kamene kamatulutsa chithunzi kamakhala ndi chizindikiro cha mphezi, chimene chikutanthauza Thunderbolt, kapena chilembo D chokhala ndi P mkati, chimene chikutanthauza DisplayPort. Kakakhala kopanda chizindikiro, lembani nambala ya mtundu wa laputopu yanu pa intaneti, mufufuze ngati bowolo lili ndi DisplayPort Alt Mode. Likapanda kukhala nayo, adaputala ya USB-C kupita ku HDMI singagwire, kaya ndi yodula bwanji. Ngati timabowo tilipo tiwiri, yesani tonse, chifukwa pena kamodzi kokha ndi kamene kali ndi mphamvu imeneyi.

Malaputopu a pa kaunjika, aja amachokera m'maofesi a kunja, ena ali ndi bowo lofanana ndi HDMI koma lodulidwa ngodya imodzi yokha. Limenelo ndi DisplayPort, ndipo mukakakamiza chingwe cha HDMI muthyola zinthu. Limafuna adaputala yake ya DisplayPort kupita ku HDMI.

Kenako pali VGA, bowo la buluu lija la timabowo 15, limene kampani ya IBM inabweretsa mu 1987 ndipo mpaka lero likukana kupuma. Pa TV limalembedwa PC kapena RGB, ndiye pa rimoti musankhe dzina lomwelo. VGA imanyamula chithunzi chokha, mawu ayi. Mawu amafuna waya wina wa mitu ing'onoing'ono ya mamilimita 3.5, kuchokera pa bowo la mahedifoni kupita pa PC Audio In. Mangani tizomangira tiwiri ta pa mutu wa chingwe cha VGA, ndipo chithunzi chikaoneka chachikasu kapena chapinki, zulani mutu muyang'ane timano: kamodzi kakapindika, mtundu umodzi umasowa. Mukaona mizere ikuyenda pang'onopang'ono kukwera m'mwamba, zulani chaja cha laputopu muone. Mizere ikasiya, ndiye kuti chajacho kapena soketi yopanda waya wa pansi (earth) ndi imene ikulowetsa phokoso la magetsi.

Laputopu ya VGA yokha ndi TV ya HDMI yokha zimafuna kabokosi kosinthira, ndipo apa werengani mosamala zimene zalembedwa. "VGA to HDMI" ndi "HDMI to VGA" ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale ogulitsa ena amati n'chimodzimodzi. Dzina loyamba ndi la bowo la laputopu, lachiwiri ndi la TV. Ka VGA to HDMI kamafunanso magetsi kudzera pa waya wa USB, ndipo mukaiwala kulowetsa wayayo kamangokhala ngati mwala.

TV zakale zija za chimsana chachikulu, zokhala ndi mabowo atatu, lachikasu la chithunzi, lofiira ndi loyera a mawu, nazonso zimatheka ndi kabokosi ka HDMI to AV. M'mbali mwake muli kaswitchi ka PAL ndi NTSC. Kwathu kuno ikani pa PAL. Mukaika pa NTSC chithunzi chimatha kutaya mitundu kapena kumagudubuzika. Kunena zoona, njira imeneyi ndi yoonera mafilimu basi. Zilembo zing'onozing'ono sizingawerengeke, ndipo limenelo si vuto loti mungalikonze.

Chithunzi chabwera, koma sichili bwino

Bwererani ku Display settings, mudine bokosi lokhala ndi nambala 2, mutsikire pa Display resolution. TV zambiri za mainchesi 32 ndi za 1366 x 768, zokulirapo ndi 1920 x 1080, ndipo za 4K ndi 3840 x 2160. Sankhani pamene palembedwa Recommended. Ngati TV inali kukana ndi uthenga wa "Mode Not Supported", tsitsani kaye mufike pa 1280 x 720, umene pafupifupi TV iliyonse ya HDMI imalandira, kenako muzikwera pang'onopang'ono. Mukasankha msinkhu wolakwika sikirini n'kuda, musakhudze kanthu. Pakatha masekondi 15 Windows imabwerera yokha pamene inali. Pa Advanced display pali nambala ina ya Hz, yonena kuti chithunzi chikusintha kangati pa sekondi. Ikani pa 60, ikakana yesani 50.

Dziwaninso kuti pa Duplicate masikirini awiriwo amagawana msinkhu umodzi. Laputopu ya 1366 x 768 imakokera pansi TV yabwino, chithunzi n'kumaoneka mwachimbuuzi ngati chapakidwa mafuta. Mukatsimikiza kuti zonse zikuyenda, sinthani mupite pa Extend kapena Second screen only kuti TV ionetse mphamvu zake zonse.

Vuto lina lofala ndi lakuti m'mphepete mwa chithunzi mwadulidwa, batani la Start latsikira pansi osaoneka. Imeneyo ndi ntchito ya TV, osati laputopu. Ndi chizolowezi chakale chokulitsa chithunzi pang'ono kuti m'mbali musaoneke zinyalala za siginolo. Tengani rimoti, mupite pa Picture, kenako Aspect Ratio kapena Picture Size. Pa LG sankhani Just Scan, pa Samsung Screen Fit kapena Fit to Screen, pa Sony Full Pixel. Pa mitundu ina fufuzani mawu akuti Overscan, muthimitse.

A TV za 4K amadandaula kuti mausi ikuyenda mokoka mwendo. Kawirikawiri ndiye kuti chithunzi chikubwera pa 30Hz. HDMI 1.4, ya mu 2009, imafika pomwepo pa 4K. Kuti mufike pa 60Hz pamafunika HDMI 2.0, imene inatuluka mu 2013, ndipo laputopu, chingwe ndi TV zonse ziyenera kukhala zoikwanitsa. TV zina zimafunanso kuti muyatse nokha mphamvuyi pa bowo limene mukugwiritsa ntchito: LG imaitcha HDMI Ultra HD Deep Colour, Sony imati Enhanced format. Ngati laputopu ndi yakale, musalimbane nazo. Ikani pa 1920 x 1080 ndi 60Hz, muona kuti zikuyenda bwino kuposa 4K yotsimphina.

Chithunzi chilipo, mawu akutulukira pa laputopu

HDMI imanyamula mawu limodzi ndi chithunzi, koma Windows pena imaumirira timasipika ta laputopu. Pitani pa Settings, System, Sound, ndipo pa Output musankhe dzina la TV. Litha kulembedwa dzina la kampani yake, kapena mawu okhala ndi HDMI kapena Display Audio. Mukasankha, tsekani VLC kapena Chrome n'kutsegulanso, chifukwa mapulogalamu ena amakakamira sipika imene anayamba nayo.

Dzina la TV likasowa pa mndandanda, gwirani Windows ndi R, mulembe mmsys.cpl, mudine Enter. M'bokosi limene latseguka dinani kumanja kwa mausi, muchonge Show Disabled Devices. TV ikaoneka yotuwa, idineni kumanja, musankhe Enable, kenako Set as Default Device. Musaiwalenso zoseketsa zija: TV ili pa Mute, kapena sipika ya Bluetooth imene inaiwalika kuchipinda ikuyimba yokha.

Nkhani ya driver

Izi zimakhudza makamaka malaputopu ogula kwa munthu kapena pa kaunjika, amene anaikidwa Windows yatsopano mothamanga asanagulitsidwe. Dinani kumanja pa batani la Start, musankhe Device Manager, mutsegule Display adapters. Payenera kulembedwa Intel, AMD kapena NVIDIA. Mukapeza "Microsoft Basic Display Adapter", mwamugwira wakuba. Imeneyo ndi driver yongogwirizira kuti sikirini ya laputopu iyake, ndipo kawirikawiri sidziwa za sikirini yachiwiri kapena mawu a pa HDMI.

Tembenuzani laputopu, muwerenge nambala ya mtundu wake pa kapepala ka pansi. Pa Dell pali Service Tag. Pitani pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, mulembe nambalayo, mutsitse driver ya Graphics kapena Video. Imakhala ya mamegabaiti mazana angapo, ndiye konzekerani bandulo yokwanira kapena mupeze Wi-Fi. Pewani timapulogalamu tolonjeza kukonza madriver onse ndi batani limodzi, tambiri timabwera ndi zinyalala. Mukamaliza kuika, chitani Restart, chingwe chili cholumikiza.

Ngati zonse zinkayenda bwino mpaka Windows itadzikonza yokha sabata yatha, njira ndi yobwerera m'mbuyo. Mu Device Manager momwemo dinani kawiri dzina la Intel, AMD kapena NVIDIA, mupite pa Driver, musankhe Roll Back Driver.

Zonse zikuoneka, koma Netflix yokha ikuda

Mukuona mafayilo, mukuona YouTube, koma filimu ya pa Netflix ikangoyamba sikirini ikuda, mwina mawu okha akumveka. Limeneli si vuto la waya kuthyoka. Ndi loko yotchedwa HDCP, yoletsa anthu kukopera mafilimu. Chilichonse chimene chili pakati pa laputopu ndi TV chiyenera kuidziwa lokoyi, ndipo timabokosi totchipa tosinthira kapena togawira chithunzi ku ma TV awiri tambiri sitiidziwa. Chotsani zonse za pakati, mulumikize laputopu ku TV mwachindunji ndi chingwe chimodzi, muyesenso.

Bowo likakhala kuti lafadi

Thimitsani zonse, muwalitse tochi mkati mwa bowo. Yang'anani kalilime ka pakati ngati kathyoka, timano ngati tapindika, kapena ngati muli fumbi ndi zotsalira za mphemvu, zimene zimakonda kufunda kwa kuseri kwa TV. Tsukani ndi mswachi wouma, wofewa. Singano kapena pini musalowetsemo. Bowo likamagwedera mukalikhudza, ndiye kuti lazuka pa bolodi, ndipo pamafunika wodziwa kuwotcherera.

Mabowo a HDMI amafa kwambiri m'nyengo ya dzinja. Mphezi ikagwa pafupi, mphamvu yake imatha kulowera pa dishi kapena pa eriyo, n'kudutsa mu dikoda, n'kutsata chingwe mpaka mu TV. TV imayakabe, koma mabowo onse a HDMI ali chete. Mitambo ikayamba kugunda, zulani waya wa dishi ndi mapulagi, ndipo laputopu isakhale yolumikizidwa. Chimodzimodzi magetsi akathima: zulani, mudikire abwere n'kukhazikika. Ngati mukamagwira mutu wa chingwe mukumva kunyerenyetsa m'zala, pali vuto la waya wa pansi m'nyumbamo. Lumikizani zinthu zili zothimitsa, ndipo muitane wa zamagetsi aone masoketi.

Podikira kukonza, ngati TV yanu ndi ya smart, mutha kudutsa opanda chingwe. Pa TV tsegulani Screen Mirroring, Screen Share kapena Miracast, malinga ndi dzina limene kampani yake inapereka, ndipo pa laputopu gwirani Windows ndi K, musankhe dzina la TV. Miracast imalumikiza ziwirizi mwachindunji pa Wi-Fi, ndiye kuonera kanema amene ali kale mu laputopu sikudya bandulo. Chithunzi chimachedwa pang'ono, moti pa magemu sichikoma, koma pa kanema wa ukwati palibe angadandaule. A MacBook agwiritse AirPlay pa TV zimene zili nayo, zonse zili pa Wi-Fi imodzi. Njira ina ndi kuika kanemayo pa fulashi n'kulowetsa pa USB ya TV, ngati TV ikutha kuwerenga mtundu wa fayiloyo.

Mukaganiza zopita kwa mmisiri, yambani mwakopera mafayilo anu ofunika pa fulashi kapena pena pake. Nyamulani laputopu, chaja ndi chingwe chimene mwatsimikiza kuti n'chamoyo, ndipo mukafika musangoti "sikuonetsa." Muuzeni kuti, "Achimwene, chingwe ichi chikugwira pa dikoda, ndayesa pa ma TV awiri, driver ndi ya Intel yatsopano, koma Detect sikuona kanthu." Mupempheni ayese pa sikirini yake inu mukuona asanamasule sikuluu ngakhale imodzi, ndipo mugwirizane mtengo wosintha bowolo laputopu isanatsegulidwe.